Kumusiyitsa Kezia Bere

Lolemba, 5 Juni 1995

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi lachiwiri kuchokera pazenera, chipatala cha mishoni kuno ku Dowa. Tinanyamuka ku Kasakula tambala atangolira, ine, amayi, ndi Kezia kumsana kwa amayi chifukwa ine kubereka mwana kwandikanika. Lole ya fodya mpaka pa Mponela, kenako matola.

Anesi alemba pakhadi: Faines Gwaza, zaka 27, mphunzitsi. Ndinawauza kuti wogwirizira chabe, gulu lija linalembedwa chaka chatha pulayimale itakhala yaulere. Akuti pakhadi palibe malo a zimenezo.

Vuto: mimba yatupa kumanzere, yolimba ngati mphero. Thukuta, kutopa, mikono yatha. Kope ili ndi la mapulani a Sitandade 2, masamba akumbuyo anali oyera. Ndizilembamo kuti ndisamangoyang'ana kudenga.

Kezia ali ndi miyezi isanu ndi itatu ndi mano awiri. Phala amalavula. Moyo wake ndi bere basi. Bambo ake, a Bonifasi, ali ku Kanengo pamzere wa okushoni ndi mabelo awo, sakudziwa kuti ndili kuno.

Lachiwiri, 6 Juni

Magazi a pachala, magazi a pamkono, mkodzo. Malungo sanapezeke.

Wondiona ndi a Kalebe, amene pano aliyense amawatcha adokotala. Anandikanikiza pamimba n'kunena kuti kapamba watsika mpaka kupitirira mchombo. Anaona mphini zimene anandicheka kumudzi mwezi wathawu. Anangoti mhm.

Pabedi la pazenera pali mayi Manesi a ku Madisi, chilonda cha pamwendo chosapola. Pakamwa pokha ndiye mpabwinobwino. Atandiyang'ana mimba, n'kuyang'ana Kezia, anati, "Aphunzitsi, mwatumbiza? Mwafulumiratu, mwanayu sanayambe n'kukwawa komwe."

Ndinati si mimba. Anati, "Ooo," n'kukoka kapu yawo kuisendeza kutali ndi yanga.

Lachitatu, 7 Juni

A Kalebe anandifunsa motsitsa mawu ngati ndingalole kuyezedwa Edzi. Ndinati tengani, mkono si uwu. Kumudzi anandiyeza kale ndi maso.

Mapiritsi a magazi, limodzi katatu patsiku. Panado. Kukuzizira. Amayi akugona pansi pa bedi langa pa mphasa, akuphika kukhitchini la odikirira odwala.

Lachisanu, 9 Juni

Edzi ndilibe. Anandiuza a Kalebe m'kachipinda koyezera magazi, ndipo ndisanapume n'komwe anati, "Koma khalani pansi, Aphunzitsi."

Anandifunsa ngati ndinaphunzira za selo. Ndinati ku Fomu 1 tinajambula la anyezi, kabokosi ndi kadontho pakati, nyukiliyasi. Ndinakhoza ndithu funso limenelo. Anati kadontho kameneko ndiko kamalamula zonse: selo likule liti, liswane liti, lileke liti, life liti. Malamulowo ali pa tiulusi tokulungidwa m'kati mwake.

Anandiika diso pa maikulosikopu. Poyamba kagalasi ka munthu wina wabwinobwino: tofiira tambirimbiri, toyera kamodzikamodzi, kuchita kutifunafuna. Toyerato atipaka utoto wofiirira kuti tioneke. Toyera tokhwima, kadontho kake kali m'zigawozigawo ngati chikoko cha mtedza. Kenako kagalasi kanga. Mayo ine. Kudzaza thothotho ngati kalasi langa pansi pa mtengo wa mthethe, popanda poponda. Tambiri kadontho kake n'kakakulu, kobulungira, kodzaza selo lonse. A Kalebe akuti amenewo ndi ana osakhwima, atuluka m'fupa nthawi isanakwane, ntchito sadziwa.

Akuti m'mafuta a m'mafupa mwanga, mu selo limodzi lokha, tiulusi tiwiri tinaduka n'kulumikizana molakwika. Selo limenelo linaiwala kuleka. Lakhala likuswana, ana ake nawo kuswana, mpaka kapamba wadzaza. Dzina lake khansa ya m'magazi. Sindinaitenge kwa munthu, sindingampatsire munthu. Palibe amene anandilodza, palibe chimene ndinadya. Kagalasi kena atumiza ku Lilongwe kuti akatsimikize, mankhwala achokeranso komweko.

Ndinafunsa ngati amachiza. Anati, "Sachiza. Amabweza m'mbuyo. Zaka zitatu, zinayi, ena kuposerapo."

"Nanga osamwa?"

"Mmene kapambayu alili, Khirisimasi sindingakulonjezeni."

Sindinamve kanthu. Ndinaona kuti batani la malaya awo latsala pang'ono kuthothoka.

Ndiye ananena chachiwiri. Mankhwalawo amalowa m'kadontho ka selo lililonse limene likuswana n'kumanga tiulusi tija kuti lisaswanenso. Sasankha. Amatulukiranso mu mkaka. Ndipo thupi la mwana wa miyezi isanu ndi itatu ndi maselo oswana okhaokha, kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Tsiku limene mudzameze piritsi loyamba, bere lithe."

Loweruka, 10 Juni

Ndagona. Kezia wayamwa.

Lamulungu, 11 Juni

Amvano anabwera kudzaimba mu wodi. Anatisiyira nthochi.

Ndawauza amayi. Za khansa sanazigwire bwino, anangofunsa ngati ndi matenda a boma aja, nditati ayi anati zikomo Ambuye. Za bere ndiye anazimva msanga. Anati, "Iwe, ine ndinaika ana awiri. Onse atangosiya bere. Amatsegula m'mimba, liwombo kulowa, basi. Ndipo awo anali oyenda kale."

Ndimadziwa. Mmodzi ndikumukumbuka, ndinali wamkulu.

Mayi Manesi amamvetsera, sabisa n'komwe. Nditawafotokozera za maselo oswana osamvera lamulo anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye magazi anu nawonso alowa matipate! Aliyense chipani chake!" Kapu ija aibwezera pamalo pake.

Lachiwiri, 13 Juni

Tayesa phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Masipuni awiri alowa, atatu abwerera pa chitenje cha amayi. Akangomva fungo langa amaponya mutu kumbuyo n'kuyamba kufukula bulauzi.

A Kalebe akuti njira yabwino ndi mayi wina woyamwitsa, koma ayambe wayezedwa magazi, tisathawe moto n'kugwera m'madzi otentha. Mng'ono wanga Loyce anakwatiwa ku Malomo, ali ndi mwana wa miyezi isanu ndi umodzi, Elisha. Mkaka ali nawo wochita kudontha. Amayi atuma uthenga kudzera kwa woyendetsa matola.

Maselo oyera 186,000. Akuti munthu wabwino safika 10,000.

Lachinayi, 15 Juni

Loyce wabwera. Mbatata yophika, nzimbe ziwiri. Elisha wonenepa ngati dzungu. Anakhala pa mphasa, pabedi ayi.

Amayi ndiwo anayamba nkhani. Loyce anamva zonse akuthyolathyola khungu la nzimbe, kenako anati, "Asisi, alamu anu akana. Akuti mwana wa wodwala sangagwire bere limene akuyamwa mwana wawo."

Ndinati matendawa sapatsirana, apite akafunse adokotala, akaonenso yekha pa galasi ngati akufuna.

"Ine ndamva, asisi. Koma banja ndi la eni."

Amayi anakwiya. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanga uyu ndi wa mnzako? Make si wa m'mimba imodzi ndi iwe?" Loyce analira. Ine sindinalire, sindinakwiye. Ndinadya mbatata. Inali yabwino, ya ufa.

Wabwerera ndi matola a masana.

Loweruka, 17 Juni

Uthenga unawapeza bambo a Kezia, afika, fungo la fodya thupi lonse. Mabelo sanalowebe, asiyira mnzawo. Anabwera ndi chitini cha mkaka wa ufa. A Kalebe anawatengera panja kukawafotokozera. Atabwerera anakhala pamphepete pa bedi, chipewa pabondo, n'kumandiyang'ana mapazi.

Anati, "Make Kezia, mumwe mankhwalawo."

Ndinati ndamva.

Apereka magazi botolo limodzi, andiika madzulo ano. Mkaka wa m'chitini Kezia waumenya ndi dzanja, kapu kugwa. Ngakhale akanaumwa, chitinicho n'cha masiku angati?

Lolemba, 19 Juni

Ku Lilongwe atsimikiza. Mankhwala afika, kabotolo kakang'ono kabulawuni. Busulufani, tiwiri m'mawa uliwonse. Palinso ena oteteza impso, ndi lamulo lomwa madzi ambiri. Timapiritsi take tochepa ngati mapira. Ndimayembekeza chinthu chachikulu.

Ndinapempha mwezi umodzi, Kezia azolowere phala. A Kalebe anapukusa mutu. Ndinapempha sabata. Anati Lachinayi.

Bambo a Kezia abwerera ku Kanengo.

Lachiwiri, 20 Juni

204,000. Kapamba akubaya ndikapuma. Ndikugonera kumanja kokha.

Lachitatu, 21 Juni

Wayamwa tsiku lonse. Ndamuleka. Amayamwa atandigwira mlomo wam'munsi ndi tizala, ndi khalidwe lake.

Amayi agula tsabola wa kambuzi pamsika wa pageti. Akuti kusiyitsa mwana uli naye pafupi palibe njira ina, ife tonse anatisiyitsa choncho. Alawe kamodzi, aziope yekha, ndiye adzalandira phala. Kwa a Kalebe sitinanene. Si nkhani ya amuna.

Lachinayi, 22 Juni

M'mawa anayamwa mabere onse mpaka kugona. Amayi anasinja tsabola m'kambale, kuthira timadzi. Ndinapaka ndekha. Kunawawa ngati ndagwira khala.

Atadzuka anandisekerera, n'kufukula mwachizolowezi. Ndinamupatsa.

Sanalire nthawi yomweyo. Anasiya, n'kundiyang'ana kumaso, kukamwa kuli yasa. Kenako kunatuluka mawu amene sindinawamvepo. Anayesa bere linalo. Nalonso ndinali nditapaka.

Amayi anamutulutsa. Anesi anabwera ndi tiwiri tija pa kambale. Ndinameza.

Lachisanu, 23 Juni

Akulira. Phala wakana, mkaka wa m'chitini wakana, madzi pang'ono.

Nthawi yoona odwala wodi inadzaza. Mwana akulira pa miyendo ya agogo ake, ine ndili pompo, bulauzi yonyowa mbali zonse. Mayi wina wodzaona m'bale wake anayamba: "Mayi, mpatseni bere mwanayo!" Wina: "Kodi ndi wanu mwanayu?" Bambo wina wachikulire pakhomo naye, "Mpatseni bere, tamva kulira kokwana." Ndinamva wina akunong'ona dzina la matenda aja.

Mayi Manesi anadzuka ndi mwendo wawo womangawo. "Inu! Mwabwera kudzaona wodwala wanu kapena mabere a eni? Adokotala ndi inu? Tulukani mukagule mandasi!" Aliyense anabwerera kwa wodwala wake.

Ine ndimawerenga mabowo a neti ya pazenera.

Amayi andimanga pachifuwa ndi chitenje kuti mkaka uume. Mabere ali gwa, kutentha. Tiwiri, ndameza.

Loweruka, 24 Juni

Wayamba kutsegula m'mimba.

Lamulungu, 25 Juni

Liwombo lalowa. Maso alowa. Sakuliranso, angoti ii, ii. Amugoneka ku wodi ya ana, dilipi yapamutu chifukwa pamkono mtsempha sunaoneke. Amayi asamukira komweko ndi mphasa yawo.

Ndinayenda chogwira khoma kukamuona. Atamumeta kachigawo ka tsitsi. Ndinaima. Ndinabwerera.

Mkaka ukadalipo. Ndinaukamira m'kapu kuti ululu uchepe, woyera bwinobwino, wooneka ngati wa masiku onse. Ndinakautaya mu ngalande.

Lolemba, 26 Juni

Loyce wabwera, sitinamuitane. Anamva kwa wamatola yemwe uja kuti mwana ali pa dilipi. Lero anakhala pabedi.

Anati, "Asisi, alamu anu sanakane. Sindinawafunse n'komwe."

Ndinamuyang'ana.

"Ndi zoyezazo. Mukudziwa mmene amayendera ndi lole, Mchinji, Mwanza, milungu osabwera. Nanga akandipeza nako kachilombo? Ndiye kuti Elishanso. Bola osadziwa."

Ndinati ndamva, sindikukukakamiza. Ndinanena zoona, mphamvu yokakamiza munthu ndilibe. Kenako anamasula Elisha n'kuwapatsa mayi Manesi, amene sawadziwa n'komwe, n'kufunsa anesi kuti kwa a Kalebe ndi kuti.

Lachiwiri, 27 Juni

Edzi Loyce alibe. Anatuluka m'kachipinda kaja, n'kukhala pansi pakhonde, n'kuseka ngati wopenga.

Tinapita ku wodi ya ana tonse. Loyce anamunyamula Kezia mosamala chifukwa cha dilipi, n'kutulutsa bere.

Kezia ataliona anatseka pakamwa. Anatembenuza mutu, n'kulikankha ndi kadzanja kopanda mphamvu kaja. Loyce anamukamira dontho pamlomo, iye kulavula, thupi lonse kuuma gwa. Anesi a ku wodi ya ana anadabwa, akuti mwana wanjala chonchi sakana bere, kodi chinachitika n'chiyani? Amayi anayang'ana pansi. Ndinayankha ine: tsabola.

A Kalebe atamva anavula magalasi n'kupukuta. Anangoti, "Mukanandifunsa, Aphunzitsi." Amayi anati, "Ife timati timuthandize."

Tinamuphunzitsa kuopa bere sabata yomweyo imene bere lapezeka. Apa ndiye ndinamva kanthu, pang'ono, ngati dzino likamayamba.

Lachitatu, 28 Juni

Loyce akukamira m'kapu, amayi kumudonthezera ndi sipuni. Wina ukulowa. Bere akukanabe.

171,000. Akuti ayamba kutsika.

Lachinayi, 29 Juni

Ndi Elisha amene wathetsa nkhani, mosadziwa. Loyce anatopa n'kukhala pansi potsamira khoma, Kezia pa mwendo umodzi, Elisha akuyamwa kwinaku, mopupuluma, ndi phokoso ngati kamwana ka nkhumba. Kezia anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Anatambasula dzanja kumukoka khutu. Elisha osasiya. Kenako Kezia anatembenuka yekha, kununkhiza, kunyambita kamodzi, kudikira. Kenako anagwira.

Amayi anatuluka panja. Loyce misozi ikugwera pamutu pometedwa paja.

Ine ndinaimirira pakhomo kuti asandione, angakumbuke.

Loweruka, 1 Julayi

Dilipi achotsa. M'mimba mwaima.

Lolemba, 3 Julayi

Apita ku Malomo, Loyce ndi ana awiri, wina kumsana wina kutsogolo. Amayi awaperekeza, abwera mawa. Kezia ndinamupsompsona ali m'tulo.

Pansi pa bedi pali mbee.

Lachitatu, 5 Julayi

Tiwiri. Madzi makapu asanu ndi atatu. M'kamwa mowawa.

Lachisanu, 7 Julayi

112,000. Kapamba wabwerera pamwamba pa mchombo, a Kalebe alemba mzere ndi bolopeni pamimba panga. Anandionetsanso kagalasi. Mpata wayamba kuoneka pakati pa maselo, tamadontho akuluakulu tija tachepa. Anati, "Mukuona? Akugwira ntchito." Ndinati ndikuona.

Mkaka wauma. Chitenje ndamasula.

Lolemba, 10 Julayi

Mayi Manesi awatumiza ku Lilongwe, mwendo uja akadula. Pochoka anati, "Aphunzitsi, ndikabwera ndi umodzi mudzandiphunzitse fulaye ya mwendo umodzi." Andisiyira sopo. Pabedi pawo agonekapo mtsikana wosayankhula.

Lachinayi, 13 Julayi

Bambo a Kezia anabwera, fodya wagulitsidwa. Anadzera ku Malomo. Akuti mwana akudya, wayamba kukwawa, akulimbirana bere ndi Elisha. Alamu atamva nkhani yonse akuti anangoti mwana akhale, nyumba ndi yaikulu.

Akuti akumanga khola la nkhuku kuti ndikatuluka ndizidya mazira. Ndinati chabwino.

Loweruka, 15 Julayi

61,000. Ndayenda mpaka pageti osagwira khoma. Akuti Lachitatu nditha kutuluka, ndizibwera mwezi ndi mwezi kudzayezetsa ndi kutenga mankhwala. Ndinafunsa ngati tiulusi tija tingalumikizikenso bwino. Ayi. Selo loyamba lija likadali m'fupa, langogonekedwa. Tsiku lina lidzadzuka ndipo mankhwalawa silidzawamvanso.

Lamulungu, 16 Julayi

Loyce wabwera naye. Ndinasamba, kudzola mafuta, kuvala bulauzi yoyera ya kusukulu.

Masaya abwerera. Tsitsi lamera pometedwa paja. Mano anayi tsopano. Loyce anamutsitsa pabedi, iye n'kukwawa mpaka kumapazi kwanga, kugwira chala, kuseka. Ndinamuitana, anandiyang'ana, anandidziwa ndithu. Ndinamunyamula.

Nkhope itangofika pachifuwa panga anauma. Anaponya msana kumbuyo, kukuwa, kundikankha ndi mapazi pakapamba penipeni. Anatambasulira manja kwa Loyce. Ndinamupereka. Analowetsa dzanja mu bulauzi ya Loyce n'kutonthola, akundiyang'ana ndi diso limodzi.

Loyce anati, "Asisi, sindinamuphunzitse ine zimenezi."

Ndinati ndikudziwa amene anamuphunzitsa.

Amayi anati azolowera, mwana saiwala make, akadzangosiya bere chaka chamawa abwerera kwawo ku Kasakula. Loyce anavomera msangamsanga, ee, ee, akangosiya ndidzabwera naye ndekha.

Ndinawerengera. Chaka chamawa adzakhala ndi ziwiri. A Kalebe anati zitatu, zinayi. Ndiye kuti adzandizolowere, adziwe mawu anga, adziwe kugona kumsana kwanga, kenako pa zaka zinayi kapena zisanu, poti wayamba kukumbuka zinthu.

Ndinati, "Loyce, akasiya bere usadzamubweze."

"Asisi!"

"Akule ndi Elisha. Bambo ake ndikambirana nawo, Malomo si kutali. Ine ndizibwera Loweruka, ndizikhala pakhonde, azindisewerera kumapazi. Azikuitana iwe amayi."

Amayi anayamba kulira, akuti ndikudziika m'manda ndili moyo. Ndinati ayi amayi, mankhwala ndikumwa, ndipo ndimwa mpaka atakana okha. Koma mwanayu ndamusiyitsa kamodzi, ndaona mmene zimakhalira. Kachiwiri ayi.

Loyce anasintha Kezia kumuika bere linalo.

Ananyamuka ndi matola a masana. Ndinawaperekeza mpaka pageti, ndikuyenda pambuyo pa Loyce. Kezia kumsana anatembenuza mutu kundiyang'ana njira yonse, osalira, poti sindinamugwire.